ZIKWANGWANI ZA PAMSEU: ZAKALE, ZA LERO, NDI KUSIYANA KWAKE M'MAIKO

 M'phunziro lino tikambirana za zikwangwani za pamseu. Ambiri a inu mumazipitirira tsiku ndi tsiku popita kusukulu kapena kucigayo, ndipo mwina munazizolowera kotero kuti simuziyang'ananso. Koma cikwangwani ciri conse ciri ndi mbiri yake. Pali anthu amene anakhala pansi nakambirana za mtundu wake, kukula kwake ndi zilembo zake, ndipo nthawi zina anatsutsana zaka zambiri asanamvane. Tiona m'mene zikwangwani zakale zinali kuonekera m'maiko ena, cifukwa cake zinali zosiyanasiyana, ndi cimene cinacititsa kuti zambiri mwa izo zifanane masiku ano.

Cikwangwani ndi ca mlendo

Makolo athu anali nazo zizindikiro za panjira kale kwambiri, galimoto isanafike m'dziko muno. Anthu akakhala pa ulendo wautali, ena anali kutsogola, ena kutsalira. Otsogola aja akafika pamphambano anali kuthyola nthambi yaiwisi naigoneka copingasa pa njira imene sanalowe, kapena kulemba mzere ndi phazi padothi. Wotsalira pofika anali kudziwa kuti njira yotsekedwayo si yake. M'nkhalango namo alenje anali kusema makungwa a mitengo ndi nkhwangwa kuti asasocere pobwerera.

Taonani cinthu cimodzi apa. Mwini mudzi safuna cizindikiro, pakuti njira zonse za kwao ziri m'mutu mwake. Amene acifuna ndi mlendo. Mugwiritse mau amenewa, cifukwa nkhani yathu yonse yatsamira pa iwo: cikwangwani amaikira munthu wosadziwa malo.

Mlendo woyenda pansi ali ndi mpata woima ndi kufunsa, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Woyendetsa galimoto alibe mpata wotere. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imatha mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Woyendetsayo akataya masekondi 4 pofuna kumvetsa cikwangwani cosokoneza, wapita kale mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira maso ake asali pamseu. Ngati pa mtunda umenewo pali mwana amene akuoloka, mudziwa nokha cimene cingacitike.

Utoto wa pa mitengo ya telefoni

Tiyeni tsopano tipite kutali, kutsidya kwa nyanja, ku dziko limene galimoto zinaculuka msanga, ndilo United States of America. Dzikoli ndi lalikulu kwambiri, ndipo lero liri ndi zigawo 50, ciri conse ndi boma lake loyang'anira miseu. Ca m'ma 1910 miseu ya kumeneko inalibe manambala. Magulu a anthu amalonda ndi eni galimoto ndiwo anali kusankha njira yocokera kumzinda wina kufika ku wina, naipatsa dzina, napaka utoto pa mitengo ya mawaya a telefoni ya m'mbali mwa njirayo. Wapaulendo anali kungotsata mtundu wa utoto wa mseu wake, mtengo ndi mtengo.

Wochuka mwa miseu imeneyi unali Lincoln Highway, umene unakhazikitsidwa mu 1913. Unayambira ku New York, kugombe la kum'mawa, nukathera ku San Francisco, kugombe la kumadzulo, mtunda woposa makilomita 5,000. Cizindikiro cake cinali mizere itatu, wofiira pamwamba, woyera pakati, wabuluu pansi, ndi cilembo cacikulu ca L pa mzere woyerawo. Mu 1928 anyamata a gulu la Boy Scouts anaimika zipilala za simenti zoposa 2,000 m'mbali mwa mseuwu, ciri conse ndi kacithunzi ka mutu wa Abraham Lincoln. Zina mwa zipilalazo zikali ciimire mpaka lero.

Poyamba nzeru ya utotoyi inathandiza. Koma pofika ca m'ma 1925 miseu ya maina inaposa 250. Pamene miseu ingapo inali kuyendera pamodzi, mtengo umodzi unali kusenza mitundu yambirimbiri kucokera pansi kufika pamwamba, ngati nsalu ya citenje. Magulu ena anali kukhotetsa njira mwadala kuti ipyole m'matauni amene anawapatsa ndalama, ndipo mlendo wosadziwa anali kuzungulira pacabe, mafuta nkumatha.

Manambala ndi cishango

Cigawo ca Wisconsin ndico cinayamba kuthetsa cisokonezo cimeneci. Mu 1918 cinaimika zikwangwani za manambala pa miseu yake ikuluikulu. Nambala inali kulembedwa mkati mwa cithunzi ca ngodya zitatu cozondoka, ndipo mpaka lero ngodya zitatuzo zimaonekerabe kumbuyo kwa nambala pa zikwangwani za cigawoco. Zigawo zina zitaona ubwino wake zinatengerako.

Pa 11 November 1926 akuluakulu a miseu a zigawo zonse anavomereza dongosolo limodzi la manambala a miseu yopyola m'zigawo zambiri. Anapangana kuti miseu yocokera kumpoto kupita kum'mwera itenge manambala osagawika ndi 2, monga 1, 41 ndi 101, ndi kuti yocokera kum'mawa kupita kumadzulo itenge ogawika ndi 2, monga 20, 40 ndi 66. Motero munthu akaona nambala yokha anali kudziwa mbali imene mseuwo uloza. Tayesani inunso: kodi mseu wa nambala 90 uloza kuti? Nanga wa nambala 27?

Cikwangwani ca miseu imeneyi anacipanga cooneka ngati cishango, kutengera cishango ca pa cidindo ca boma la dzikolo. Zishango zoyambazo zinali zosiyana kwambiri ndi za lero. Citsulo ceniceni anali kucidula motsata maonekedwe a cishango, ndipo zilembo anali kuzidinda motukuka, kotero kuti munthu akanatha kuziwerenga ndi zala. Pamwamba panali dzina la cigawo, pansi pake zilembo ziwiri, U ndi S, ndipo munsi mwa izo nambala. Mu 1961 malamulo anasintha. Cishango coyera cinayamba kujambulidwa pa citsulo cakuda ca ngodya zinai, copanda dzina la cigawo, ndipo nambala inatenga malo onse. Citsulo cotere ncosavuta kudula, ndiponso cishango coyera cimaonekera patali cikakhala pa mtundu wakuda. Cigawo ca California cikali kudula zishango zake monga kale, koma zigawo zinzake zinaleka.

Mseu wa nambala 66, wocokera ku Chicago kupita ku Los Angeles, unachuka kuposa yonse. Mu 1985 unacotsedwa pa mndandanda wa miseu ya boma cifukwa miseu yatsopano yotakata inaulowa m'malo, koma cishango cake cikali kugulitsidwa kwa alendo monga cikumbutso. Miseu yatsopanoyo inayamba kumangidwa ndi lamulo la mu 1956, ndipo inalandira cishango cakecake cofiira pamwamba ndi cabuluu pansi, cojambulidwa ndi Richard Oliver wa ku Texas.

Cigawo ciri conse ndi cithunzi cake

Miseu ya mkati mwa cigawo inatsala m'manja mwa cigawoco, ndipo kumeneko ndiko kuli zikwangwani zokondweretsa kuona. Cigawo ciri conse cinafuna kuonetsa mlendo cinthu cimene eni ake anyadira naco.

Ku Kansas nambala ya mseu imalembedwa pakati pa duwa lacikasu la mpendadzuwa, pakuti limeneli ndilo duwa la cigawoco. Ku Utah imalembedwa pa mng'oma wa njuci, cizindikiro ca khama pa nchito. Mng'omawo si wa khungwa ngati wathu ai; ndi wa mtundu wakale woluka ndi udzu, wooneka ngati dengu lovundikira. Ku Nebraska, pansi pa nambala pali ngolo yofunda nsalu yokokedwa ndi ng'ombe, kukumbutsa mabanja amene anapyola m'cigawoco m'zaka za m'ma 1800 pofuna malo atsopano kumadzulo. Ku Pennsylvania cikwangwani ciri ndi maonekedwe a mwala umene omanga amaika pakati peni peni pa khomo lopindika pamwamba, umene umagwira miyala inzake kuti isagwe. Ku cigawo ca Washington nambala imakhala pa mthunzi wa mutu wa George Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo.

Cikwangwani ca California cifanana ndi fosholo yoloza kumwamba, cifukwa cigawoco cinakula ndi anthu amene anathamangirako kukakumba golide mu 1849. Pamene cinayamba mu 1934 cinali coyera, ndipo pamwamba pa nambala panali cimbalangondo. Pambuyo pake cimbalangondoco anacicotsa, ndipo mu 1964 fosholoyo inakhala yobiriwira ndi manambala oyera.

Nkhani ya ku New Hampshire ndi yacisoni pang'ono. Kumeneko kunali thanthwe pamwamba pa phiri, limene ukaliyang'ana cam'mbali linali kuoneka ngati nkhope ya nkhalamba. Eni cigawo analikonda kwambiri, nalijambula pa zikwangwani za miseu yao. Kwa zaka zambiri anali kulimanga ndi zitsulo kuti lisagwe, koma pa 3 May 2003 kunaca thanthwelo litagumukira pansi. Nkhalamba ija siionekanso paphiri, koma pa zikwangwani ikalipo.

Ku North Dakota, kwa zaka pafupifupi 90 cikwangwani cinali ndi nkhope ya Red Tomahawk, munthu wa mtundu wa Lakota, umodzi mwa mitundu imene inali kukhala m'dzikolo Azungu asanafike. Kuyambira mu 2016 cigawoco cinayamba kuika mapu ake m'malo mwa nkhopeyo. Zigawo zina, monga Ohio ndi Georgia, nazonso zimalemba nambala mkati mwa mapu a cigawo, pamene Iowa anakhutira ndi mkombero woyera cabe. Ku Canada, dziko loyandikana nalo kumpoto, mseu waukulu wopyola dziko lonse uli ndi tsamba loyera la mtengo wa maple pa citsulo cobiriwira, ndipo cigawo ca Ontario cimaika cisoti cacifumu pamwamba pa cishango cake.

Kodi ncifukwa ciani zithunzi zonsezi zinaloledwa kusiyana? Cifukwa nchito yake ndi kunena dzina la mseu basi. Nambala ikakhala yaikulu ndi yoonekera bwino, duwa kapena fosholo sizisokeretsa munthu, ndipo mlendo amaphunzirako za dziko limene walowamo.

Mitundu ya ku Florida

Koma kusiyana kuli ndi malire, ndipo nkhani ya cigawo ca Florida iwaonetsa bwino. Mu 1956 akuluakulu a miseu kumeneko anaganiza zopatsa mseu uli wonse wa cishango mtundu wakewake. Mseu wa nambala 1 unakhala ndi cikwangwani cofiira, wa 27 cobiriwira, wa 41 ca mtundu wa lalanje, wa 90 cabuluu. Anati munthu adzatsata mtundu wake osavutika kuwerenga. Ku Arizona nako, kwa kanthawi, anayesa kupaka zishango mitundu yosiyana molingana ndi mbali imene mseu uloza.

Eni ake a Florida anaikonda nzeru imeneyi. Koma taganizirani za mlendo wocokera ku Georgia. Wakhala akutsata cishango coyera makilomita mazana ambiri. Waoloka malire, ndipo mseu womwewo wavala cofiira. Kodi sadzakayika? Kumbukiraninso kuti pali anthu ambiri amene maso ao sasiyanitsa bwino cofiira ndi cobiriwira, ndi kuti utoto umasuluka padzuwa. Boma lalikulu la dzikolo linaumirira kuti mseu wa dziko lonse ukhale ndi cikwangwani cimodzimodzi kuyambira kumene uyambira kufikira kumene uthera, ndipo mu 1993 Florida analeka kupanga zishango zamitundumitundu.

Zikwangwani zocenjeza

Pa zikwangwani zocenjeza za ngozi, kufanana nkofunika koposa, pakuti pamenepa pali moyo wa munthu. Apa dziko la America ndi maiko a ku Ulaya anatenga njira ziwiri zosiyana.

Ku America anadalira maonekedwe a citsulo. Mu 1923 akuluakulu a miseu a zigawo za m'cigwa ca mtsinje wa Mississippi anapangana kuti cikwangwani cozungulira cikhale ca podutsa njanji, ca mbali 8 cikhale coimitsa galimoto, ca ngodya zinai coimikidwa pa ngodya imodzi cikhale ca cenjezo, ndipo cotambalala cikhale colangiza njira. Nzeru yake inali yakuti usiku, nyali za galimoto za nthawi imeneyo zitalephera kuunikira zilembo, kapena citsulo citadetsedwa ndi matope, maonekedwe okha auze munthu cocita. Ndiponso cikwangwani ca mbali 8 cimadziwika ngakhale ukacionera kumbuyo, motero woyenda mu mseu waukulu adziwa kuti mnzake wa m'kamseu ka m'mbali ndiye ayenera kuima. Mwina mudzadabwa kumva kuti cikwangwani ca STOP cinali cacikasu kwa zaka pafupifupi 30. Cinasanduka cofiira mu 1954, utoto wofiira wosasuluka msanga utapezeka.

Ku Ulaya bvuto linali lina. Maiko a kumeneko ndi aang'ono ndi oyandikana, ndipo munthu angapyole zinenero zitatu pa tsiku limodzi. Cifukwa cake anadalira zithunzi m'malo mwa mau. Pa msonkhano wa ku Paris mu 1909 anavomereza zithunzi zinai: ca mseu wa zitunda, ca pokhota, ca pamphambano ndi ca podutsa njanji. Pa mapangano a ku Geneva a mu 1931 ndi 1949 anakhazikitsa kuti ngodya zitatu zikhale za cenjezo ndipo mkombero ukhale wa lamulo.

Mu 1968 bungwe la United Nations linasonkhanitsa maiko ku Vienna kuti agwirizane. Popeza mbali zonse ziwiri zinali zitazolowera kale zake, panganolo linalola mitundu iwiri ya cenjezo. Ku America, Canada, Brazil, Australia, Japan ndi Ireland mudzapeza cenjezo lacikasu la ngodya zinai, pamene m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi a mu Africa muno mudzapeza ngodya zitatu za m'mphepete mofiira. Ku Sweden ndi Finland mkati mwa ngodya zitatuzo ndi mwacikasu, cifukwa m'nyengo yozizira dziko lonse limayera mbuu ndi cipale cogwa kumwamba ngati ufa, ndipo cikwangwani coyera sicikanaoneka.

Mau a pa cikwangwani ca mbali 8 naonso amasiyana. Ku Mexico amalemba ALTO, ku Brazil PARE, ndipo ku Quebec, cigawo ca Canada colankhula Cifalansa, amalemba ARRÊT, ngakhale ku France kwenikweniko amalemba STOP. Koma mlendo amaima ndithu, cifukwa mtundu wofiira ndi mbali 8 zamuuza kale. Ku Japan ndiko ayenera kusamala, pakuti cikwangwani coimitsa galimoto kumeneko ndi ca ngodya zitatu zozondoka. Nyama za pa macenjezo zimatsata dziko: kangaroo ku Australia, ngamila ku Arabia, njobvu kwathu kuno.

Muuni wa sukulu ku Britain

Dziko la Britain liri ndi phunziro lokhudza inu ana a sukulu. Kale pamphambano za kumeneko panali mizati yokhala ndi timatabwa toloza uku ndi uku ngati zala, ndipo boma liri lonse laling'ono linali kupanga mizati yake m'mene lifunira. Ku Dorset anali kuika mkombero wacitsulo pamwamba pa mzati, wolembedwa dzina la malowo, ndipo mizati ina yowerengeka anaipaka utoto wofiira. Mu 1940, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, boma linalamula kuti zikwangwani zolangiza njira zizulidwe, poopa kuti asilikali a Germany akatsika m'dzikomo zidzawatsogolera. Apa muona kuti cikwangwani cimathandiza mlendo ali yense, ngakhale mdani.

Cenjezo lakale la sukulu ku Britain linali cithunzi ca muuni woyaka. Amene anacisankha anati maphunziro ndiwo kuunika. Ganizo lake linali labwino, koma woyendetsa galimoto wocokera kudziko lina akanadziwa bwanji kuti muuni utanthauza ana? Mwina akanayesa kuti kutsogolo kuli moto.

Miseu ya liwiro itayamba kumangidwa, boma linapatsa nchito yokonza zikwangwani Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, mai wobadwira ku South Africa mu 1936. Zikwangwani zao zinakhala za dziko lonse kuyambira pa 1 January 1965. Pa cenjezo la sukulu, mai Calvert anajambula mtsikana atagwira dzanja la mlongo wake wamng'ono, kutengera cithunzi ca iwo eni ali mwana. Ng'ombe ya pa cenjezo la ziweto anaitengera ku ng'ombe yeniyeni yochedwa Patience, ya pa famu ya abale ao.

Aphunzitsi, cinthu cina cimene awiriwa anacita cikukhudzani. Analeka kulemba maina a malo ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Anazindikira kuti munthu wodziwa kuwerenga sawerenga cilembo cimodzicimodzi, koma amazindikira maonekedwe a liu lonse. Talembani pabolodi CHIPATA ndi Chipata, ndipo ana aime kumbuyo kwa kalasi. Liu loyamba lioneka ngati njerwa, mbali zonse zofanana. Laciwiri liri ndi zilembo zotumphukira kumwamba ndi cimodzi cotsikira pansi, ndipo diso limaligwira msanga.

Kwathu kuno

M'Zambia muno miseu imadziwika ndi cilembo ndi nambala. Cilembo T ndi ca miseu ikuluikulu yotilumikiza ndi maiko anzathu, M ndi ca miseu yaikulu ya mkati mwa dziko, ndipo D ndi ca miseu ya m'maboma. T1 icokera pafupi ndi Kafue kupyola Mazabuka ndi Choma kufika ku Livingstone. T2 icokera ku Chirundu, kupyola Lusaka, Kabwe, Kapiri Mposhi ndi Mpika, kukathera ku Nakonde. T3 ipatukira pa Kapiri Mposhi kulowa ku Copperbelt. T4 ndiwo Great East Road, wocokera ku Lusaka, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupyola Nyimba ndi Katete kufika ku Chipata ndi kumalire a Mwami.

Zikwangwani zathu nazonso zinasintha ndi nthawi. Titalandira ufulu mu 1964, maina monga Fort Jameson, Broken Hill ndi Abercorn anacoka, ndipo panalembedwa Chipata, Kabwe ndi Mbala. Mitunda imene inali kuwerengedwa m'mamailosi inayamba kuwerengedwa m'makilomita, ngakhale malo ena, monga Ten Miles kumpoto kwa Lusaka, anasunga dzina la muyeso wakale.

Ukaoloka malire zinthu zimasintha. T4 akafika pa Mwami amathera pomwepo, ndipo kuyambira ku Mchinji kufika ku Lilongwe mseu womwewo uchedwa M12. Komatu ife tiri nayenso M12 wathu, wocokera ku Chipata kupita ku Lundazi. Wolowa m'Mozambique kudzera pa T6, mseu wocokera ku Katete kupita ku Chanida, adzapeza mau a Cipwitikizi. Wolowa m'Congo pa Kasumbalesa adzapeza Cifalansa, ndiponso ayenera kuleka kuyenda kumanzere kwa mseu nayamba kuyenda kumanja.

Pofuna kucepetsa zosokoneza, maiko a bungwe la SADC, limene ciyambi cake cinali msonkhano wa ku Lusaka mu 1980, anakonza buku limodzi la zikwangwani, ndipo ambiri mwa iwo akulitsata. Ngakhale South Africa, kumene macenjezo anali a mkati mwabuluu ndi zithunzi zoyera, anasintha m'zaka za m'ma 1990. Zimene muyenera kuloweza pamtima ndi izi. Ngodya zitatu za m'mphepete mofiira zicenjeza za coopsa ciri kutsogolo. Mkombero wa m'mphepete mofiira uletsa, kapena unena liwiro limene galimoto isapitirire. Mkombero wabuluu ulamula cimene uyenera kucita. Mbali 8 zofiira zinena kuti ima. Ngodya zitatu zozondoka zinena kuti patsa mpata anzako. Cikwangwani cikakhala cacikasu mkati, ndiye kuti ndi ca kanthawi cabe, kawirikawiri pamene akukonza mseu.

Udindo wanu

Taona kuti zithunzi zonena dzina la mseu zingathe kusiyana, ndipo kusiyanako kumakometsa ulendo. Koma zikwangwani zochinjiriza moyo ziyenera kufanana ponse ponse, ndipo ziyenera kukhalapo pamalo pake.

Pali anthu amene amazula zikwangwani usiku kukapanga mbaula kapena citseko ca khola la nkhuku. Pali ana amene amazilasa ndi legeni kufikira utoto wonyezimira utakanganuka, ndi ena amene amamatapo mapepala. Wocita zotere amati palibe kanthu, popeza ali yense pamudzi adziwa kuti patsogolo pali pokhota, pali mlatho wopapatiza, pali sukulu. Waiwala woyendetsa lole yolemera amene wacokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, amene akupyola pamenepo koyamba, pakati pa usiku, mvula iri kugwa. Munthu amene akagundidwa ndi loleyo kawirikawiri sakhala wa kutali ai, koma wa pamudzi pomwepo. Mukaona cikwangwani cagwa kapena cabisika ndi udzu, uzani aphunzitsi anu kapena a mfumu, kuti adziwitse oyang'anira miseu.

Kumbukiraninso kuti cikwangwani siciimitsa galimoto. Amaimitsa ndi munthu, ndipo munthu angathe kusinza kapena kusalabadira. Poyenda m'mbali mwa mseu wopanda njira ya apansi, yendani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zobwera kutsogolo kwanu. Musanaoloke imani, yang'anani kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso.

Kwa aphunzitsi: zocita pambuyo pa phunziro

1. Ana ajambule zikwangwani zonse zimene amaziona pakati pa kwao ndi sukulu, ndipo azigawe m'magulu atatu: zocenjeza, zolamula ndi zolangiza njira.

2. Pa mapu a Zambia ana alondole ndi cala miseu ya T1, T2, T3 ndi T4, nachule matauni amene mseu uli wonse upyolamo ndi dziko limene ukathera.

3. Funsani ana kuti: cigawo canu cikanakhala ndi cikwangwani cakecake monga Kansas kapena Utah, mukanajambulapo ciani? A kum'mawa mwina adzasankha nshawa, a kum'mwera ng'ombe, a ku Copperbelt mkuwa. Ali yense ajambule cake, koma nambala iwerengeke kwa munthu woima mamita 10 kucokera pabolodi.

4. Masamu a makalasi apamwamba: galimoto ikuthamanga makilomita 72 pa ola. Kodi imatha mamita angati pa sekondi imodzi? Nanga pa masekondi 5?

5. Ana afunse agogo ao za zizindikiro zimene anali kusiya panjira kale, ndipo adzafotokozere anzao m'kalasi.